Fani yokankha loboti mmalo mwa matayala, zingatheke?

AChisale_Mabvuku:
Moni nonse abale. Ndimathandiza kalabu ya maloboti pa sukulu ina kuno ku Mabvuku mu Harare, ana a Form 3, ndiye tili ndi mpikisano mwezi wamawa. Loboti yathu ndi ya makilo 2 ndi theka, Arduino (kakompyuta kakang'ono koyendetsa loboti), mamota awiri a 12V, vuto lake matayala akumaterereka pa thabwa lopaka penti lomwe imayendapo, tikangoiyatsa mwamphamvu imangopalasa pamodzimodzi ngati kombi yatitimira mmatope. Ndiye mnyamata wina wabwera ndi nzeru yoti tiike fani kumbuyo izikankhidwa ndi mphepo, anaonera pa YouTube basi sakugonanso tulo. Tagula kale mafani awiri a kompyuta ku msika wa Magaba. Alipo anayesapo? Sindikufuna kumugwetsa ulesi mwanayu koma ndalama zake zikutuluka mthumba mwanga izi.

Phiri_waMufakose:
Aphunzitsi musanabowole chilichonse bwerekani sikelo ya kukhitchini kwa mayi akunyumba. Imikani faniyo pa timitengo pamwamba pa sikelo iziuzira mmwamba, muiyatse muone magalamu amene akuwonjezeka, mphamvu yake yonse ndi imeneyo. Fani ya kompyuta anaipangira kuziziritsa basi, mupeza timagalamu tochepa zedi, pomwe matayala a labala abwinobwino pa loboti ya makilo 2 ndi theka atha kukankha kuposa kilo imodzi. Komanso musaiwale Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, mpweya wakuno ndi wopepuka ndi 15 peresenti kapena chapompo kuyerekeza ndi kunyanja ngati ku Beira, ndiye fani iliyonse imakankha mochepera kusiyana ndi zomwe mwanayo anaona pa vidiyo.

mtsikana_wamawaya:
Ankolo a Phiri akunena zoona koma tisamuseke mwanayo, nzeruyi inagwirapo ntchito. Mu 2009 mpikisano wa FIRST Robotics ku America unali ndi masewera otchedwa Lunacy, pansi anayalapo pulasitiki yoterera dala ndipo matimu onse amawakakamiza kuika matayala olimba oterera, ndiye matimu ena anaikadi mapulopela chifukwa pulopela ilibe nazo ntchito zoti pansi pakuterera. Koma inuyo ngati malamulo akukulolani kusintha matayala, ndiye bwanji kuzunzika?

Ine ndinayesapo ndili ku koleji, mota ya drone ya mtundu wa 2212 ndi pulopela ya mainchesi 10 pa batire la LiPo la 11.1V, imeneyo imakankhadi pafupifupi magalamu 800 koma imamwa ma amp opitirira 10, batire lake kutha ngati madzi. Chinandipweteka kwambiri ndi choti ilibe mabuleki, ukazimitsa mota loboti imangopitirirabe mpaka kukagunda khoma, kukhota nakonso imachita kutsetsereka chammbali, khodi yathu ya PID, yowongolera kayendedwe ka loboti, inangosokonezeka yonse. Tsiku lina mnzanga anafuna kuigwira isagwe patebulo, pulopela inamucheka chala mpaka anakamusoka. Ndi ana a Form 3 ine ayi ndithu, pokhapokha mutaitchinga ndi sefa ya waya mbali zonse, ndipo muyambe mwafunsa okonza mpikisano ngati akuloleza.

Phiri_waMufakose:
Eya, ndipo ngati mwanayo wakakamira fani mutembenuzireni, iziyamwa mpweya pansi pa loboti. Ndi zomwe amachita a micromouse (timaloboti tofufuza njira m'mipita yosokoneza) ndi ma line follower (maloboti otsata mzere) othamanga aja ku Japan, amaika kasiketi ka pulasitiki yopyapyala kuzungulira pansi, fani ikayamwa loboti imakakamira pa thabwa ngati yalemera koma kulemera kwake kuli komweko, matayala amagwira bwino. Koma yotchipa kuposa zonse, dulani chubu chakale cha njinga muveke matayalawo, muzipukuta fumbi musanayambe raundi iliyonse, batire muliike pamwamba pa matayala oyendetsa, ndipo mu khodi liwiro lizikwera pang'onopang'ono osangolumpha kuchoka pa 0 kufika 255, lomwe ndi liwiro lapamwamba kwambiri.

AChisale_Mabvuku:
Tayesa masana ano ndi sikelo ya mayi a kwathu, fani imodzi magalamu 38, mwana uja anangoti kukamwa yasa kenako yekha anayamba kufunsa za kasiketi kaja. Chubu tapeza kale. Achemwali a mawaya, pa zoyamwazi fani ya kompyuta yomweyi ingakwane kapena tifune ina?

mtsikana_wamawaya:
Singakwane aphunzitsi, imeneyo ikangotsekeka kutsogolo imafooka. Funani ya mtundu wa blower yokhala ngati nkhono ija, kapena kamota ka mu vacuum cleaner yaing'ono ya mgalimoto ya 12V, ku Magaba komweko simungaisowe. Muipatse batire lakelake kuti isamazimitse Arduino ikamayaka.