Ndafanana ndi achimwene 10/10, nanga dokotala akuopanso chiyani?

NaBanda, Rosettenville:
Abale anga a kuno ku Joni, ndipatseniko nzeru. Achimwene akudwala khansa ya m'magazi, ndipo achipatala akuti mankhwala okha sakwanira, pafunika kuwaika maselo a m'mafupa a munthu wina. Atatiyeza ana a mimba imodzi, ndafanana nawo ndine ndekha, 10/10. Koma dzulo dokotala wandifunsa ngati ndinaberekapo, ana aamuna kapena aakazi, kenako akutchula za GVHD. Ana anga akubwera bwanji pa nkhani ya magazi a achimwene?

Namwino wa ku Berea:
Achemwali, 10/10 imeneyo ndi mwayi waukulu, pakati pa abale imachitika kwa mmodzi mwa anayi. Koma imangowerenga HLA, zizindikiro zisanu za pa maselo zomwe chitetezo cha thupi chimazindikirira zake ndi zachilendo, zochokera pa chromosome 6 (A, B, C, DRB1 ndi DQB1; chromosome ndi kachingwe ka m'maselo konyamula zotengera kwa makolo), chilichonse pawiri, china cha kwa bambo china cha kwa mayi. Pali zina zing'onozing'ono zomwe siziyezedwa. Mwachitsanzo, achimwene anu ali ndi chromosome Y, ya amuna okha, inu mulibe. Maselo anu akalowa mwa iwo akhoza kuona zizindikiro za Y ngati mlendo n'kuyamba kumenya thupi lawo. GVHD ndi imeneyo: maselo operekedwa kumenya thupi la wolandira. Mayi amene anatengapo mimba ya mwana wamwamuna, chitetezo chake chinakumanapo kale ndi Y, ndiye chimakumbukira. GVHD yofulumira imagwira khungu, chiwindi ndi m'mimba, munthu kutsegula osaleka. Yokhalitsa imaumitsa maso ndi m'kamwa, khungu nkulimba, ndipo yokhalitsayi ndi yomwe imachuluka mkazi akapereka kwa mwamuna.

Mbewe wa pa Turffontein:
Ndiye si bwino angosaka mwamuna wina wapadera?

Namwino wa ku Berea:
Akamupeza kuti, bambo? South African Bone Marrow Registry ilipo kuyambira 1991, DKMS Africa iliponso, onsewa ndi mabungwe olembetsa ofuna kupereka maselo, koma anthu akuda tinalembetsa ochepa, chonsecho HLA yathu Afirika ndi yosiyanasiyana kuposa ya anthu ena onse.  Mlongo wofanana 10/10 satayidwa chifukwa anabereka. Komanso kumenyana komweko kumathandiza kupha maselo a khansa otsala. Mapasa ofanana ndendende akapatsana, GVHD imakhala yochepa kwambiri koma khansa imabwerera kawirikawiri. NaBanda, mukafunse dokotala mankhwala oletsa GVHD omwe adzagwiritse ntchito, kaya cyclosporine ndi methotrexate kapena cyclophosphamide wa tsiku la 3 ndi la 4 maselo ataikidwa, ndiponso kuti zidzolo zikatuluka usiku mudzaimbire ndani.

NaBanda, Rosettenville:
Zikomo amayi, ndalemba pa pepala. Lachinayi ndipita ndi alamu, akamve okha.