M'bawa wa pamphambano audula, nanga ngalande ija tipitirize?

Nabanda: Mwadzuka bwanji abale nonse. Inu amene muli kutali dziwani kuti m'bawa wa pamphambano uja kulibe. Dzulo kunabwera anthu a khonsolo ndi makina ochekera, pofika masana n'kuti patangotsala chitsa ndi utuchi. Kalata ayi, chikwangwani ayi, ngakhale kugogoda pageti kuti mayi tikudula mtengo wa pakhomo panu, osatheka. Nditawafunsa anyamatawo anangoti "ife tachita kutumidwa." Ndalemba kalata yodandaula, ndipo ndikufuna ipite m'dzina la gulu lino, osati langa ndekha.

A Mbewe: Pepani mayi. Komatu mtengo uja unali utayamba kupendekekera kumsewu, tonse tinkaona. Ukanagwera ana a sukulu bwenzi pano tikulemba kalata yofunsa kuti khonsolo inali kuti. Madzi akatayika saoleka, tiyeni tikambe za ngalande.

Nabanda: A Mbewe, tapitani mukachione chitsacho ndi maso anu. N'chofiira bwinobwino mpaka pakati, mphako palibe, chiswe palibe, utomoni ukuchuchabe. Mtengo wodwala umaoneka choncho?

A Injiniya: Nonse awiri mukunena zoona. Thunthu linali labwino, koma mtengo unali utapendekekadi. Funso n'lakuti unayamba liti kupendekeka. Anthu timaganiza kuti mtengo waukulu umaima ndi muzu umodzi wopita pansi kwambiri. Ayi. Mizu yambiri imayenda cham'mwamba, mkati mwa masentimita 60 kuchokera pamwamba pa nthaka, n'kumayanza mbali zonse kupitirira pamene pathera nthambi. Ndiye taganizani, ngalande ija inakumbidwa pafupifupi mita imodzi kuchokera pathunthu. Mizu yonse ya mbali imeneyo, ina yaikulu ngati ntchafu ya munthu, inadulidwa ndi nkhwangwa kuti konkire ilowe. Mtengo wotere sufa lero ndi lero, masamba amakhala obiriwirabe, koma umakhala ukugwira mbali imodzi yokha. Mvula ikafewetsa dothi, mphepo n'kukankha, basi umayamba ulendo. Amene anabwera dzulo angomalizitsa ntchito imene inayambika tsiku lokumba lija.

Msungichuma: Ndiye mukuti ngalande yathu ndi imene yapha mtengo? Ngalande imene ija tinasonkhera tonse, ndipo chiimangireni madzi sanalowenso m'nyumba za kumunsi kuja.

A Injiniya: Ngalande ndi yofunika, sindikukana. Ndikunena za pamene inadutsa.

Mlembi: Mundilole ndiikepo mfundo iyi. Gawo lachiwiri la ngalande likuyambira pamphambano pomwepo kutsika mpaka pa mlatho, ndipo m'mbali mwake muli mitengo 6: m'bawa 4 ndi jakaranda 2. Ndadutsako m'mawa uno, itatu aipaka kale penti yofiira pathunthu.

Nabanda: Mwamva? Ndiye wina n'kumati tiiwale.

Achimwene a ku UK: Moni kumudziko. Kuno omanga ali ndi ndondomeko yotchedwa BS 5837. Amayeza kunenepa kwa thunthu modutsa pakati, pa msinkhu wa mita 1.5, n'kuchulukitsa ka 12. Zimene zatulukazo ndiye mtunda wochokera pamtengo umene sufunika kukumbidwa mwachisawawa. Thunthu la masentimita 80 ndiye kuti pafupifupi mamita 10 mbali zonse. Ngati palibiretu kuchitira mwina, amakumba ndi manja n'kusiya mizu ikuluikulu osaidula. Komanso mayi asaope kudandaula. Mumzinda wa Sheffield khonsolo inadula mitengo ya m'misewu yoposa 5,000 pokonza misewu, anthu analimbana nayo kwa zaka, ena mpaka kumangidwa, ndipo mu 2023 kafukufuku atatuluka khonsoloyo inapepesa poyera.

A Mbewe: Achimwene, mamita 10 tiwapeza kuti pa msewu wathu uja? Mbali inayo ndi mipanda ya anthu. Tigwetse mipanda kuti jakaranda akhale ndi moyo? Jakarandayo n'ngobwera kuchokera ku South America, ntchito yake kutilakatitsira maluwa m'ngalande basi.

Anaphiri: Wobwera kapena ayi, amayi ogulitsa malonda pamenepaja amakhala pamthunzi wake. Inu mumadutsapo pagalimoto magalasi otseka, a Mbewe. Tadzayendanipo pansi mwezi wa Okutobala phula likutentha.

A Injiniya: Mamita 10 sangatheke, zoona, koma zilipo zotheka. Kuyambira pamphambano mpaka pa jakaranda woyamba, ngalande ikhoza kuwolokera tsidya linalo pa kalavati, kumene kulibe mtengo ngakhale umodzi. Pamene sitingazembe, m'malo mwa ngalande yotsegula tiike paipi yodutsa pansi pa mizu. Ndalama ikwerako, sindinama.

Msungichuma: Ikwera ndi zingati? Thumba lathu mukulidziwa, ena mwa inu simunasonkhe kuyambira chaka chatha. Sinditchula maina lero.

Agogo: Ana inu, ine funso langa ndi limodzi. Thunthu la m'bawa lija lapita kuti? Amene aja ndi matabwa a mipando ndi zitseko zapamwamba, si nkhuni. Wina adya bwino pamenepa. Mulembemo m'kalatamo.

Nabanda: Ndalembamo kale, agogo. Ndafunsa amene anauyeza mtengowo n'kuupeza kuti ndi woopsa, ndipo atipatse lipoti lake tiliwerenge. Ndafunsa kumene kwapita thunthu. Ndafunsanso chifukwa chimene sanatiuzire. Akadabwera n'kunena kuti mayi mizu yaduka, mtengowu ugwa, ndikanalira koma ndikanamva.

A Mbewe: Si akuti adzabzala ina?

Anaphiri: Mbande zimene anabzala ku msewu wa kumtunda zija zili kuti? Anajambulitsa zithunzi, n'kuzisiya osathirira, osatchingira. Mbande imafuna madzi chilimwe choyamba ndi chachiwiri, ndipo m'bawa kuti udzafike pamene unali uja, ambiri muno tidzakhala kulibe.

Wapampando: Zikomo nonse, ndamva. Kalata ya mayi Nabanda ipite m'dzina la gulu, koma a Mlembi muonjezeremo pempho lakuti mitengo yopakidwa pentiyo isakhudzidwe kufikira titakumana ndi a khansala. Ndalama za gawo lachiwiri zisatuluke kaye. A Injiniya, tiwerengereni ndalama zofunika pa ntchitoyi, za njira yakale ndi za njira yanu ya kalavati, kuti Loweruka tidzavote tikudziwa chimene tikuvotera.

A Mbewe: Ine ndidzavotera yotchipa, ndaneneratu. Mvula ili pafupi ndipo a kumunsi sadikira.

A Injiniya: Palibe vuto. Koma mawa 6 koloko mubwere mudzandigwirire tepi, tikayeze mitengo 6 ija limodzi.