Ndiike code ya kagemu kanga pa GitHub ngakhale ili yosalongosoka?

Kachiwala92:
Abale, ndithandizeni maganizo. Zaka ziwiri tsopano ndikupanga kagemu kodumphadumpha pa laputopu, usiku ndikaweruka. Kamunthu kake kamathamanga pamadenga a nyumba n'kumatola makiyi, basi. Anzanga akuti ndiike source code yake (malangizo amene ndinalembera kompyuta kuti kagemuko kaziyenda) pa GitHub, webusaiti imene anthu amaikapo code kuti ena aione, koma manyazi andigwira. Fayilo imodzi yokha yadutsa mizere 3,000, ndipo pali malo ena ndikangowakhudza, kamunthuko kamalowa m'khoma n'kukanirira momwemo. Kodi sandiseka? Nanga wina akaitenga n'kukagulitsa?

MaiWaKompyuta:
Achimwene, gemu ya VVVVVV mumaidziwa? Ija kamunthu kake, Captain Viridian, sadumpha koma amatembenuka n'kuyenda kudenga mutu uli pansi. Terry Cavanagh wa ku Ireland anaitulutsa mu Januwale 2010, ndipo itakwanitsa zaka 10 anaika code yake pa GitHub. Ine nditatsegula fayilo yake ya Game.cpp ndinagwira pakamwa: switch imodzi (mndandanda wosankhira chochita) yokhala ndi ma case, ndiye kuti nthambi, mazanamazana, kuitsetsereka mpaka chala kutopa. Gemuyi inayambira mu pulogalamu ya Flash, kenako katswiri wina, Simon Roth, anaisamutsira ku chilankhulo cha kompyuta cha C++ mu 2011, ndiye zipsera za msamukowo zimaonekeratu.

Oseka anasekadi. Koma ena anakwinya malaya n'kuyamba kukonza, moti version 2.3 ya 2021 inatuluka ndi ntchito yambiri ya anthu ongodzipereka. Kwa ine fayilo imeneyo inandilimbitsa mtima kuposa buku lililonse, chifukwa ndinaona kuti gemu imene ndinaikonda chonchija inalembedwa ndi munthu wovutikira ngati ine ndemwe. Ikeni.

Nkhwazi_J:
Za manyazi amaliza mayiwa. Ine nkhawa yanga ndi laisensi. Mukasankha laisensi yotchedwa MIT, dziwani kuti mwalola aliyense kugulitsa, bola asachotse dzina lanu. Cavanagh analemba laisensi yakeyake yosalola malonda, ndipo zithunzi za gemuyo komanso nyimbo zimene anapeka Magnus Pålsson sanaziphatikize ndi code. Inunso patulani chimodzimodzi. Komanso fufuzani bwino, musasiyemo password. Git, pulogalamu yosunga mbiri ya code imene GitHub amagwiritsa ntchito, saiwala zimene munaikamo kale ngakhale mutafufuta.

Kachiwala92:
Zikomo kwambiri nonse. A Nkhwazi, mwandikumbutsa: phokoso la kudumpha ndinalitsitsa pa intaneti osaona n'komwe mwini wake. Ndijambula langa ndi foni Loweruka, kenako ndiika. Mayi, ndikaika mudzandionereko za khoma zija, ndikukayikira kuti vuto lili pomwe ndimasuntha x ndi y (cham'mbali ndi chokwera kapena chotsika) nthawi imodzi.