Drone yanga ikumagwa ikangofika pa mitengo ya bulugama, thandizeni

Membala wobisa dzina:
Akuluakulu zikomo. A admin chonde iyi yokha ivomerezeni, ulendo watha munandikanira. Ndili ku Area 25. Ndinapanga ndekha drone ya mamota anayi, zipangizo ndinkatolera pang'onopang'ono chaka chathunthu, zina anandibweretsera msuweni wanga wa ku Johannesburg, ngakhale pa batire anandidyera ndalama, koma imeneyo tisiye. Poyamba inkauluka mpaka kumaoneka ngati khwangwala. Kuyambira Loweruka lapitali, ikangopita mamita ngati 60, pamene pali bulugama kuseri kwa bwalo la mpira, rimoti imayamba kulira, mamota zii, iyo khuu pansi. Yagwa katatu. Kachitatu inagwera m'mizere ya mbatata ya mayi ena, anandilalatira ana onse a pabwalo akumva.

Kunyumba nako kulibe mtendere. Mayi akunyumba akuti chimene chikuulukacho ndi ndalama ya feteleza. Alandilodi andiletsa kuwotcherera pakhonde, ati ndikutha mayunitsi, chonsecho magetsiwo amabwera usiku okhaokha. Mlamu wanga anabwereka chaja sabata ziwiri osabweza. Ndiye Loweruka likubwerali kuli chinkhoswe cha mchemwali wanga ku Chinsapo, ndinawalonjeza akuchimuna kuti ndijambula kuchokera m'mwamba. Ndigwire mtengo wanji?

Injiniya wa Kanengo:
Vuto ndaliona kale, musavutike kufotokoza. Timarimoti totchipa timeneti n'tosewerera ana. Gulani rimoti ndi risiva za mtundu wa ExpressLRS basi. Ndanena.

Fundi wa mawailesi ku Biwi:
Achimwene, risiva yanu, kachipangizo ka pa drone kolandira siginolo ya rimoti, ndi yamtundu wanji? Ndipo Loweruka lisanafike munasinthapo chiyani? Tajambulani pamene pali eriyo tione.

Mayi a Mapasa:
Inu chaja mungabwereke mlamu? Wanga anatenga wilibala mu 2021, mpaka lero ndimangoiona ikudutsa ndi njerwa za eni.

Membala wobisa dzina:
Mayi, ndiye mukudziwa. Ndikamufunsa amati ndikumunyoza chifukwa sali pantchito.

Mnyamata wa Kawale 2:
Kkkkk ndege yogwera m'mbatata! Madala muthokoze kuti inagwa masana. Ikanagwa m'bandakucha bwenzi pano tikumva kuti ku Area 25 kwagwa lichero la afiti.

Injiniya wa Kanengo:
Anthu inu mumvetse. Mafunde a 2.4 GHz amene timarimoti timeneti timagwiritsa ntchito ndi msika wa ku Tsoka, aliyense ali momwemo. WiFi momwemo, Bluetooth momwemo, ma hotspot a mafoni momwemo. Ndiye munthu ukaime pakati pa nyumba za Area 25 n'kumati siginolo ikumvere? Ine yanga ndinaiulutsa ku Bunda, inazungulira phiri n'kubwera yokha. NDALAMA IMAYANKHULA.

Mtsikana wa FPV:
A Injiniya, ExpressLRS yambiri imene anthu ali nayo ndi ya 2.4 GHz yomweyo. Komanso bambowa anena kuti poyamba inkapita patali, pabwalo lomwelo, ndi rimoti yomweyo. WiFi ya anthu sinabadwe Loweruka.

Bambo, chotsani kaye mapulopela onse, mulumikize pa kompyuta mutsegule Betaflight, pulogalamu yotcherera drone. Wina agwire rimoti aziyenda nayo kutali, inu muziona ngati RSSI, nambala yosonyeza mphamvu ya siginolo, ikutsika. Ikamatsika msanga ali pafupi, nkhani ndi eriyo kapena kapulagi kake kakang'ono kaja kamene kamakonda kuzuka drone ikagwa. Ngati siginolo ili bwino pansi koma imaduka mukaponda moto m'mwamba, ndiye kuti risiva ikusowa magetsi: batire ikafooka ma 5V opita ku risiva amatsika, risiva n'kuzima kamphindi. Mamota kuzima si matenda, ndi failsafe imeneyo, chimene drone imachita siginolo ikaduka, mwina inatcheredwa kuti izingogwetsa.

Injiniya wa Kanengo:
Mwana iwe, ine ndinayamba kugwira waya iwe usanabadwe. Za pa YouTube usabwere nazo pano.

Mtsikana wa FPV:
Pepani bambo, koma zaka sizisintha frequency.

Mnyamata wa Kawale 2:
Eeee a Injiniya alandira ya pamphumi kkkkk

Mkulu wopuma ntchito, Area 47:
Ine funso langa ndi lina. Chilolezo muli nacho? Anthu mukuganiza kuti m'mwamba ndi m'munda mwa agogo anu. Bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, mbali yomweyo ya kumpoto, ndipo za zouluka zonse zili ndi eni ake a Civil Aviation, za mafunde a wailesi ndi a MACRA. Boma ndi UNICEF atafuna kuyesa ma drone anachita kupatula malo ku Kasungu mu 2017, sanangodzuka n'kukaulutsira pa anthu. Sukulu ya zimenezi, African Drone and Data Academy, inatsegulidwa mu Lilongwe momwe muno mu 2020. Inu chinthu chogwa katatu mukufuna mukachiimike pamwamba pa ankhoswe? Pulopela imacheka ngati lezala. Mudzasandutsa chinkhoswe kukhala mlandu.

Membala wobisa dzina:
Bwana ndamva, koma akuchimuna ndinawauza kale, ndipo apongozi a mchemwali wanga alengeza ku mpingo.

Wa kabaza wa pa Nsungwi:
Ndinu aja mumabwera ndi chikwama chofiira? Tsiku lija munatsala pang'ono kundigwetsera pasenjala.

Injiniya wa Kanengo:
Za malamulo zisiyeni, dziko lino talente timaipha ndi mapepala. Komanso pafupi ndi bwalo limenelo payenera kuti pali nsanja ya mafoni. Nsanja zimenezi zimatha kusokoneza siginolo. Ine TV yanga inayamba mpunga tsiku limene anaimika ina kuseri kwathu.

Fundi wa mawailesi ku Biwi:
Ndabwerezanso, chithunzi cha eriyo chonde. Komanso fulemu yanu ndi ya chiyani? Ikakhala ya carbon fibre imatchinga mafunde ngati lata, eriyo siyenera kugona pa fulemu kapena kubisala m'kati. Mitengo ya masamba nayo imachepetsa siginolo, koma pa mamita 60 ayi, pokhapokha pali chimene chadwala kale. Ndipo ngati muli ndi chotumizira vidiyo cha 5.8 GHz, chisagundane ndi risiva, zitalikirane.

Bambo a Junior:
Ine yanga ndinagula yopangapanga, inauluka tsiku limodzi. Inalowera cha ku Mtandire dzuwa likulowa, sindinaionenso. Patatha mwezi ndinaona mwana akukoka galimoto ya mawaya, mateyala ake ali mamota anga. Ndinangomupatsa moni.

Mayi a Mapasa:
Koma inu abambo, akazi anu akunena zoona. Mvula ili pafupi, anzanu akusaka feteleza inu mukusaka siginolo.

Injiniya wa Kanengo:
Amene akufuna zenizeni andipeze ku inbox. Ndili ndi seti imodzi yatsala, rimoti ndi risiva yake. Mtengo tikambirana, koma osabwera ndi nkhani za mawa.

Mnyamata wa Kawale 2:
Ohoo, kani ulaliki wonsewu ndi malonda!

Membala wobisa dzina:
A Fundi pepani ndinali kopanda netiweki. Chithunzi chikukana, bandulo yatha. Fulemu ndi ya pulaiwudi, ndinacheka ndekha. Eriyo sindikudziwa kuti mukunena iti, pa drone palibe eriyo, ili pa rimoti. Pa risiva panangotuluka timawaya tiwiri totuwa, tinkalendewera n'kumakodwa mu pulopela, ndiye Lachisanu ndinatidula ndi sizasi kuti pazioneka mwaudongo pa chinkhoswe. Koma sitinalumikizidwe kulikonse, kumapeto kwake kunali kopanda kanthu.

Mtsikana wa FPV:
Mayo ine.

Fundi wa mawailesi ku Biwi:
Achimwene, eriyo ndi imeneyo mwadulayo. Kansonga kowala kakumapeto kaja ndiko kamamva rimoti, kwinako ndi waya wokutidwa ndi ukonde kuti asamve kanthu. Ngati mwasiyako kotalikirapo, sendani chikopa chakunja ndi ukondewo, kawaya kam'kati katsale poyera mamilimita 31, osakasenda pulasitiki yake. Muyeze ndi rula, osati ndi maso. Kenako timangeni pa zingwe za pulasitiki zija, kena kaloze uku kena uko ngati chilembo V, kutali ndi pulopela. Mukalephera bwerani nayo, koma kugula tatsopano n'kwabwino kuposa kusoka.

Injiniya wa Kanengo:
Si zimene ndimanena zija? Nkhani ndi siginolo. Werengani ndemanga yanga yoyamba.

Mkulu wopuma ntchito, Area 47:
Ikonzeke isakonzeke, pamwamba pa anthu ayi.

Membala wobisa dzina:
A Fundi, ndinadula cha m'tsinde penipeni. Tidutswa take ndili nato m'thumba la malaya, nditamata ndi Super Glue sizingatheke? Komanso alipo ali ndi chaja ya batire ya maselo atatu (3S) cha ku Area 25 kuno andibwereke mpaka Lamlungu?

Mayi a Mapasa:
Mukafunse mlamu wanu.