Za lukina wa kudimba la agogo

Malume: Abale nonse, ndikupempha kuti tigwirizane za dimba la malemu agogo la m'mbali mwa Shire, chifukwa lukina amene iwo anadzala m'malire kuti azidyetsa mbuzi tsopano wafika pakati, ndipo mbali ya kuchitsime khasu silikulowanso. Maganizo anga ndi akuti timuzule yense mvula yoyamba isanagwe.

Mayi aakulu: Achimwene, ndamva, koma musaiwale kuti mu Okutobala, msipu ukauma kuno ku Mangochi, mbuzi za mbumba yanu zimapulumukira masamba omwewo. Nkhuni za pasadaka ija tinadulanso momwemo.

Mdzukulu wa ku Zomba: Zikomo malume, zikomo amayi. Lukina kwawo ndi ku Mexico ndi ku Central America, ndipo ndi wa mtundu wa nyemba, monganso msangu, keshya ndi mthethe. Vuto lake ndi njere: zimachuluka, khungu lake ndi lolimba, moti zimakhala m'nthaka zaka zingapo n'kumamera pang'onopang'ono. Mukangomudula ndi chikwanje, chitsa chimaphukira mphukira zambiri kuposa poyamba, choncho pafunika piki kuti tichotse ndi mizu yomwe. Ngakhale mbuzizo, zikamadya lukina yekhayekha zimatha kusosoka ubweya.

Mlamu wa ku Johannesburg: Ndikugwirizana nazo. Wina akabwera ndi mbande za Prosopis, mtengo waminga wochokera ku America, chonde muzikane, pakuti ku Baringo m'dziko la Kenya unalanda malo odyetsera ziweto mpaka anthu anakadandaula kukhoti mu 2006.

Mayi aakulu: Ndiye tisiye mzere umodzi kuseri kwa khola, tiziudula msinkhu wa m'chiuno usanachite maluwa, kuti usabereke. Ndidzauyang'anira ndine. Koma misangu iwiri ija wina asaikhudze, chifukwa imayoyola masamba dzinja, ndipo chimanga cha pansi pake ndi chimene chimatifikitsa ku Febuluwale.

Malume: Mwanena bwino, achemwali. Tikumane Loweruka likudzali m'mamawa, dzuwa lisanatenthe. Amene muli kutali mutumize K10,000 aliyense kwa mayi aakulu pofika Lachinayi, yolipira aganyu ndi kugula utaka wa ndiwo. Nthambi zokhala ndi njere tidzaziunjika padera, kutali ndi mbuzi, osaziponya mumtsinje.

Mdzukulu wa ku Zomba: Ine ndifika Lachisanu madzulo ndi mapiki awiri. Ndikupemphanso kuti mu Januwale ana adzabwerere kukazula timbande tomera, nthaka ikadali yofewa.