Kodi kunenepa kwa mwana wa kupulayimale n'chizindikiro cha thanzi?

Mayi wa ku Lilongwe:
Abale, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wa Sitandade 4 wanenepa kwambiri moti amapuma mwawefuwefu akangothamanga pang'ono, koma agogo ake akuti ndiye kudya bwino kumeneko. Kodi ndide nkhawa?

Namwino:
Mayi, nkhawa yanuyo ndi yomveka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2022 ana ndi achinyamata oposa 390 miliyoni a zaka 5 mpaka 19 anali onenepa mopitirira muyeso, ndipo vutoli likukula ngakhale m'mayiko osauka ngati lathuli, komwe tikulimbanabe ndi kupinimbira. Mwana wonenepa chotere amadzavutika ndi matenda a shuga komanso kuthamanga kwa magazi mosavuta. Pitani naye kuchipatala akamukweze pasikelo ndi kumuyeza msinkhu, koma musamumane chakudya.

Mphunzitsi:
Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti pa buleki ana amathera ndalama pa mandasi, tchipisi ndi mafirizesi, pomwe mnzawo amene watenga mbatata yophika amadyera kuseri kwa kalasi poopa kusekedwa. Mayi, muchepetse ndalama zimene mumamupatsa ndipo muzimulongedzera mtedza, nthochi ndi madzi akumwa.

Bambo wa ku Blantyre:
Tisaiwalenso masewera. Mwana amafunika kuthamangathamanga kwa mphindi 60 tsiku lililonse, choncho muzimulola kukasewera mpira kapena fulaye m'malo momangokhala pa TV.