Ndikufuna kukagulitsa mikanda ku Nc'wala, amene munapitako ndithandizeni

Mayi_wa_Mikanda:
Moni nonse abale anga. Ine ndimakhala ku Kawale kuno ku Lilongwe, geni yanga ndi yotunga mikanda, ya mkhosi, ya pamutu, zibangili ndi ndolo, ndipo achimwene anga amasema zibonga, ndodo ndi mipando ija yopinda. Chaka chino malonda ativuta kwabasi, katundu wangodzaza m'nyumba mpamba wonse uli momwemo. Ndiye mnzanga wina wa ku Mchinji akuti bwanji osapita ku Nc'wala, mwambo wa Angoni a Mpezeni ku Chipata m'dziko la Zambia, akuti kumakhala chinamtindi cha anthu ndipo aliyense amafuna avale zachingoni tsiku limenelo. Alamu anga avomera kutitenga pa Sienta yawo, tikhala atatu, ine, achimwene ndi alamuwo. Koma chibadwire sindinadutsepo pa boda ndi katundu wa geni ndiye mtima uli m'mwamba. Tinyamuke liti? Pa boda amafuna chani? Nanga kumeneko malo oyala katundu amapezeka bwanji, ndipo chimayenda malonda ndi chani kwenikweni, ndisakanyamule zinthu zoti ndibwerera nazo. Chonde amene munapitako.

Wapamsewu_M12:
Mayi, za galimoto ndiyankhe ine poti njira imeneyo ndimayenda pafupipafupi. Kuchoka Lilongwe kukafika Mchinji ndi makilomita pafupifupi 110, mudutsa Namitete, Kamwendo, kenako boma, boda ili kutsogolo pang'ono ndipo mukangowoloka pa Mwami Chipata sipatali. Kuyambira 2022 pamenepo ndi one stop, simuyimanso kawiri ngati kale. Alamu anuwo akhale ndi blue book, laisensi, pepala la apolisi lotsimikiza kuti galimoto si yakuba, inshuwalansi ya COMESA ija ya yellow card, ndipo ngati galimoto ili m'dzina la munthu wina pakhale kalata ya mwini wake. Mbali ya Zambia pali zolipira zingapo za galimoto yakunja ndiye sungani ndalama yapadera, musayiphatikize ndi mpamba. Mwambo umakhala Loweruka lomaliza la February koma musayerekeze kunyamuka Loweruka lomwelo, msewu wochoka Chipata kupita ku Mtenguleni, kumene kumachitikira mwambowu, umadzaza moti anthu amatsika n'kuyamba kuyenda wapansi. Nyamukani Lachitatu usiku kapena Lachinayi mbandakucha.

Za katundu, mukafika funsani desiki ya amalonda ang'onoang'ono, pali ndondomeko ya COMESA ya katundu wosapitirira madola 2000, koma ili ndi mndandanda wake wa katundu ndiye afunseni ngati wanu alimo. Lembani papepala chilichonse ndi mtengo wake musanachoke kunyumba. Zosema za achimwenezo yambani mwapita ku ofesi ya zankhalango mukafunse za chilolezo chotulutsira kunja.

Mzukulu_wa_ku_Feni:
Amayi mwalandiridwa, kwathu ndi komweko. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi musanayambe kuwerenga phindu, mudziwe kumene mukupita. Anthu ena akamaona ife titavala zikopa, chishango kumanzere chibonga kumanja tikuponda ngoma, amayesa ndi sewero lokumbutsa zakale basi ngati zija amachita ana asukulu. Inde mbiri timayikumbutsa, mukamva nyimbo ndi zitamando zija muli ulendo wonse wa makolo athu, kuchoka kumwera nthawi ya Shaka, kuwoloka Zambezi mu November 1835 tsiku limene dzuwa linadetsedwa ali ndi Zwangendaba, mpaka kugawikana atamwalira iye, ena kwa M'mbelwa ku Mzimba ena kwa Mpezeni kuno. Koma Nc'wala ndi mwambo wamoyo, wothokoza chifukwa cha zipatso zoyamba za m'munda, Inkosi, mfumu yathu yaikulu Mpezeni, imalawa kaye ndiye anthu adye. Ng'ombe yakuda yamphongo imabayidwa ndi mkondo ndipo Inkosi imamwa magazi ake, pamenepo si pamalo poti wina azikuwa kuti mikanda mikanda yotchipa.

Ndipo mudziwe kuti mwambowu tinaulandidwapo. Mu 1898 asilikali a azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni, mwana wake Nsingo amene ankatsogolera nkhondo anamuwombera, ng'ombe zambirimbiri analanda, ndipo Nc'wala inaima mpaka inadzayambiranso mu 1980. Agogo anga anakula osauonapo, anadzauona atakalamba kale ndipo ankati akamva ngoma misozi imangotsika yokha. Ndiye chikhala chakusangalatsani kuona anthu akugula nthini, zikopa zija zovala kumutu, kwa inu, koma kwa ambiri a ife kuvala chimenecho ndi nkhani yaikulu.

Inu a ku Malawi si alendo ayi, kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu ku Mchinji ndi anthu a Mpezeni omwewo, boda inangotidula pakati, ndipo a ku Mzimba ndi a ku Ntcheu amabwera ndi magulu awo a ngoma. Chichewa chanu aliyense akumvani. Lachinayi Inkosi imachoka kunyumba yake ku Ephendukeni kupita ku Laweni, kumene imagona masiku a mwambo ku Mtenguleni, anthu amayamba kusonkhana kuyambira pamenepo. Mukafika funsani a komiti yokonza mwambo kuti amalonda akuyala kuti, musangofika n'kukhoma lona paliponse, malo ena ndi odutsa mafumu ndi magulu ovina. Ndipo valani chitenje amayi, mulemekezeka.

NaPhiri_wa_geni:
Asisi ine ndinapitako kawiri ndi katundu ngati wanuyo ndiye ndikuuzani zimene zinandionekera. Ulendo woyamba ndinalakwitsa kwambiri, ndinaganiza kuti kukakhala azungu ambiri ngati ku Senga Bay ndiye ndinaoda ziboliboli zikuluzikulu, njovu, mipando, mbale zosema, galimoto yonse kudzaza. Azungu analipo koma owerengeka ndipo anali kalikiliki ndi makamera awo. Ogula enieni ndi anthu wamba, mtsikana wochokera ku Lusaka amene wabwera ndi anzake akufuna mkanda wa pamutu ajambulitse chithunzi, bambo amene wafika chimanjamanja akuona amuna anzake onse ali ndi chibonga iye alibe, mayi akufunira mwana kachibangili. Munthu ameneyo wayenda wapansi mtunda wautali, dzuwa kapena mvula ili pamutu, sanganyamule mpando. Njovu zanga zonse ndinabwerera nazo ndipo ina inathyoka chitamba pa mabampu, ndinalira ine njira yonse poti ndalama inali ya banki m'khonde.

Ulendo wachiwiri ndinanyamula zovala pathupi zokhazokha ndipo pofika Loweruka masana tebulo linali mbee. Ndiye mipando ya achimwene isiyeni, mwina iwiri yokha yoonetsa, koma zibonga ndi ndodo asemeretu zambiri, zopepuka, ndi zing'onozing'ono za ana. Mikanda yanuyo tungani ya mitundu yowala, ndipo muike ya pamutu, ya mkhosi ndi chibangili pamodzi ngati seti, anthu amakonda kugula kamodzi n'kuvala pompo. Tengani kagalasi koti munthu adziyang'anire, ndikunena zoona kagalasi kanandigulitsira katundu kuposa pakamwa panga. Singano ndi ulusi zikhale pafupi poti wina afuna mumuchepetsere pomwepo.

February ndi mvula asisi, musaiwale. Lona yaikulu, mapepala apulasitiki okutira katundu, ndipo musayale pansi, matope ake anthu masauzande akapondaponda si masewera. Ife tinagona m'galimoto chifukwa malo ogona ku Chipata amadzaza sabata imeneyo ndipo mitengo imakwera. Ndalama ndi kwacha ya Zambia, mitengo yanu muyiwerengeretu mu kwacha yawo musanafike, ine tsiku loyamba ndinkasokoneza ndikumagulitsa motchipa osadziwa. Pezani chenji chambiri cha ndalama zing'onozing'ono. Ambiri amafuna kulipira pa foni ndiye ngati muli ndi wachibale wodalirika wa nambala ya ku Zambia zimathandiza, koma netiweki imavuta anthu akachuluka, musapereke katundu uthenga usanalowe. Osintha ndalama a pamsewu samalani nawo, wina anandipinda ndalama pakati ndinazindikira ndili kale ku Chipata. Ndipo mmodzi asachoke pa katundu ngakhale ngoma itakoma bwanji, muzisinthana.

Mayi_wa_Mikanda:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Achimwene ndawawerengera ndipo avomera kusiya mipando ngakhale zawawawa poti anaivutikira. Bambo a ku Feni ndamva ndithu, nthawi ya ng'ombe ija tidzaphimba katundu tikaonere nawo mwaulemu, inenso agogo anga aakazi anali a kwa Mlonyeni ndiye mwandikumbutsa kwathu. Funso lina, pali mnyamata wina akufuna kundiodetsa nthini ndi zikopa zovala m'chiuno akuti zimathamanga kwambiri kumeneko, zina akuti ndi za nyama zakutchire zenizeni. Nditenge?

Mzukulu_wa_ku_Feni:
Zakutchirezo ayi amayi, musakhudze n'komwe. Chikopa cha kambuku, njuzi kapena nyama iliyonse yotetezedwa mukapezeka nacho popanda chilolezo ndi mlandu waukulu ku Malawi ndi ku Zambia komwe, anthu amamangidwa ndipo galimoto ya alamu anu ikhoza kugwidwa nayo limodzi. Komanso chikopa cha kambuku kwathu ndi cha mafumu, si choti aliyense azingovala. Ngati mukufuna nthini tengani za chikopa cha mbuzi kapena ng'ombe zofufutidwa bwino zosanunkha, kapena za nsalu zija zamawangamawanga, achinyamata ambiri masiku ano akuvala zimenezo. Ngakhale za mbuzizo funsani kaye a zaziweto ngati pakufunika pepala lodutsira nazo pa boda. Mnyamatayo mumuuze akuonetseni chimodzichimodzi musanalipire, chimene mukukayika chisiyeni konko.